Mphunzitsi wa timu asasankhidwe ndi phokoso la kuseri kwa golo

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo maganizo anga pa momwe ife ochemerera mpira timalandirira mphunzitsi watsopano wa timu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala kuno ku Mangochi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa ana mpira wa miyendo tikaweruka m'kalasi. Chandigwiritsa cholembera ndi mkangano womwe wabuka m'dera lathu kuyambira pomwe komiti ya timu ya achinyamata inabweretsa mphunzitsi wochokera kutali. Komabe ndiyambira ku America, chifukwa kumeneko mkangano wa mtundu womwewu umachitikira poyera m'masukulu a ukachenjede, ndipo zotsatira zake zimalembedwa mwandondomeko moti munthu angathe kubwerera m'mbuyo n'kuona ngati khamu linkanena zoona.

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira pa yunivesite ya Alabama mumzinda wa Tuscaloosa, ndipo ndi iyeyu amene anandizoloweretsa kutsatira masewera omwe kumeneko amawatcha football. Si mpira wathu uja ayi. Mpira wake ndi wotalikirapo ngati papaya, amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo osewera amavala zipewa zolimba chifukwa amagundana mwamphamvu. Osewerawo ndi ophunzira a pasukulupo, koma bwalo lawo la Bryant-Denny limalowa anthu oposa 100,000, kutanthauza kuti ndi lalikulu kuposa kawiri bwalo la Bingu ku Lilongwe. M'chigawo cha Alabama mulibe timu ya mu ligi yaikulu ya NFL, choncho mitima ya anthu ambiri ili pa matimu a mayunivesite, makamaka Alabama ndi mdani wake wakale, Auburn. Mphunzitsi wa timu yotere sangophunzitsa masewera okha. Iye amayendera masukulu a sekondale kukakopa anyamata aluso, amakhala pansi ndi makolo awo, amalemba ntchito omuthandiza ambirimbiri, komanso amasunga ubale ndi anthu achuma omwe amathira ndalama m'timu. Mpando wake ndi wolemera, ndipo aliyense m'chigawomo amaona ngati ali ndi mawu pa yemwe angakhalepo.

Tsiku lina m'mawa mu Januwale 2024 ndinadzuka n'kupeza uthenga wa mawu pa WhatsApp. Mnyamatayo ankalankhula ngati kwagwa maliro. "Amalume, Saban wapuma," anatero, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka chinamtindi cha ophunzira anzake omwe anasonkhana pa chifanizo cha mphunzitsiyo kunja kwa bwalo, ena atanyamula maluwa, ena timakeke tomwe mkuluyo ankadziwika kuti amatikonda. Nick Saban analengeza kupuma kwake pa 10 Januwale 2024 atatsogolera timuyo kwa zaka 17 kuyambira mu 2007. M'zaka zimenezo anatenga chikho cha dziko lonse kasanu n'kamodzi, mu 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020, kuwonjezera pa china chomwe anatenga kale ndi yunivesite ya LSU mu 2003. Mwana yemwe anabadwa Saban atangofika anafika msinkhu wolowa koleji asanaonepo timu yake ikuvutika kwenikweni. Ochemerera otere amaiwala kuti kugonja ndi gawo la masewera.

Patangopita masiku awiri, mkulu woona zamasewera pasukulupo, Greg Byrne, analengeza kuti mpandowo waperekedwa kwa Kalen DeBoer wochokera ku yunivesite ya Washington. Liwiro limeneli linali ndi chifukwa chake. Malamulo a masewerawa pa nthawiyo ankalola osewera kusamukira ku sukulu ina m'masiku 30 mphunzitsi wamkulu akachoka, moti tsiku lililonse lomwe mpando unali wopanda munthu linali mwayi kwa matimu ena wodzakolola m'munda wa eni. Ngakhale anafulumira chonchi, anyamata ena odalirika anachokabe: Caleb Downs anapita ku Ohio State ndipo Isaiah Bond anapita ku Texas.

Ochemerera anagawikana pomwepo. Gulu lina linkaloza mbiri ya munthuyo, ndipo mbiriyo inali yooneka ndithu. Pa sukulu yaing'ono ya Sioux Falls anapambana masewera 67 n'kugonja atatu okha, ndipo anatenga zikho zitatu za ligi ya masukulu ang'onoang'ono. Ku Washington, m'zaka ziwiri, anapambana masewera 25 n'kugonja atatu, ndipo pa 8 Januwale 2024, masiku awiri Saban asanapume, anali atafikitsa timuyo m'ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse komwe inagonja kwa Michigan. Gulu linalo silinkatsutsa ziwerengerozi. Dandaulo lawo linali loti munthuyo ndi wa ku South Dakota, sanagwirepo ntchito kumwera kwa dzikolo, sadziwa makolo ndi aphunzitsi a m'masekondale a kumeneko, komanso kuti ndi wofatsa kwambiri poyerekeza ndi Saban yemwe ankadziwika ndi ukali. Mwachidule ankati si mwana wa kwathu. Mawu amenewa ndi omwe anandikhudza, chifukwa ndi omwewo amene ndikuwamva tsiku ndi tsiku pamsika ndi pa siteji ya kabaza kuno kwathu.

Chaka choyamba cha DeBoer ku Alabama chinapatsa mbali zonse ziwiri chonena. Timu inagonjetsa Georgia 41 kwa 34, anthu n'kuyamba kumutamanda, koma sabata yotsatira, pa 5 Okutobala 2024, inagonja kwa Vanderbilt 40 kwa 35, timu yomwe inali isanagonjetsepo Alabama chiyambire 1984. Inagonjanso kwa Tennessee ndi Oklahoma, inasemphana ndi mpikisano wa matimu 12 olimbirana chikho, ndipo inatseka chakacho ndi masewera 9 opambana ndi 4 ogonja. Mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti pa wailesi za kumeneko anthu ankaimba mafoni usiku wonse kufuna kuti munthuyo achotsedwe. Ndinamufunsa ngati akudziwa momwe Saban mwiniwakeyo anayambira. Mu 2007, chaka chake choyamba, timu inapambana pabwalo masewera 7 n'kugonja 6, ndipo kumodzi mwa kugonjako kunali pakhomo, kwa timu yaing'ono ya Louisiana-Monroe. Saban nayenso sanali mwana wa ku Alabama. Kwawo ndi ku West Virginia. Amene anamusiyira mpandowo, Mike Shula, ndiye anali mwana wapakhomo yemwe anaseweramo m'timuyo ali mnyamata, koma anachotsedwa mu 2006 zinthu zitakanika. Akanakhala kuti akuluakulu a sukulu anamvera mkwiyo wa mu 2007, zikho zisanu n'chimodzi zija zikanapita kwina.

Sindikunena kuti DeBoer ndi Saban wachiwiri, ndipo kalata ino si yomuikira kumbuyo. Chomwe ndikunena n'chakuti chisangalalo kapena mkwiyo wa khamu pa tsiku lomwe mphunzitsi walengezedwa si muyeso wodalirika wa zomwe zidzachitike. Pali nkhani ziwiri za m'masewera omwewa zomwe ndimazikumbukira nthawi zonse ndikamva anthu akufuula kuti achoke kapena kuti tikufuna wathu.

Yoyamba ndi ya ku yunivesite ya Tennessee. Pa 26 Novembala 2017 zinamveka kuti sukuluyo yagwirizana ndi Greg Schiano kuti akhale mphunzitsi. Tsiku lomwelo ochemerera anadzaza masamba a mchezo ndi madandaulo, ena anasonkhana pasukulupo, andale a m'chigawomo nawonso analowererapo. Ena ankadandaula ndi mbiri yake ya kuphunzitsa, ena ankafalitsa mphekesera yokhudza nthawi yomwe ankagwira ntchito ku yunivesite ya Penn State, mphekesera yomwe iye anaikana ndipo sinatsimikizidwe. Dzuwa la tsiku lotsatira lisanatuluke, mgwirizano unali utatha. Patapita masiku ochepa, mkulu wa zamasewera, John Currie, anachotsedwa pampando, ndipo sukulu inalemba Jeremy Pruitt, yemwe anthu anamulandira ndi manja awiri chifukwa ankachokera m'gulu la othandiza Saban. M'zaka zitatu Pruitt anapambana masewera 16 n'kugonja 19, anachotsedwa mu Januwale 2021 chifukwa cha kuphwanya malamulo a kakopedwe ka osewera, ndipo mu 2023 bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'mayunivesite, linalamula sukuluyo kulipira chindapusa cha madola 8 miliyoni. Khamu linapambana tsiku limodzi, koma sukulu inalipira kwa zaka zambiri. Walira mvula walira matope.

Yachiwiri ndi ya ku Nebraska, ndipo imandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa kumeneko kunalibe mkangano n'komwe. Scott Frost anali mwana wa m'chigawomo, anatsogolera timu ya yunivesiteyo ngati wosewera pomwe inatenga chikho cha dziko mu 1997, ndipo mu 2017 timu yomwe ankaphunzitsa ya yunivesite ya UCF inamaliza chaka chonse osagonjapo. Atabwerera kwawo kumapeto kwa chaka chimenecho, anthu anasangalala ngati mwana wotayika wapezeka. Zonse zomwe wochemerera angafune zinalipo: magazi a pakhomo, mbiri yabwino, chikondi cha anthu. Koma m'zaka zinayi ndi masabata ochepa anapambana masewera 16 okha n'kugonja 31, ndipo anachotsedwa mu Sepitembala 2022. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunyoza munthuyo, ndikungosonyeza kuti chinthu chomwe anthu onse anagwirizana kuti sichingalephere chinalephera ndithu.

Ndisanamizire kuti ochemerera alibe gawo. Iwo ndi amene amalipira pakhomo, amagula mayunifomu, amayenda mitunda kutsatira timu, ndipo akuluakulu akalakwitsa ndi iwo amene amasenza manyazi pamaso pa adani awo. Akuluakulu a matimu nawonso amalakwitsa zinthu zikuluzikulu popanda kukakamizidwa ndi aliyense. Yunivesite ya Texas A&M inasaina mgwirizano wolemera kwambiri ndi Jimbo Fisher moti pomuchotsa mu Novembala 2023 inatsala ndi ngongole yomulipira madola oposa 75 miliyoni. Amene anasaina pepala limenelo sanali ochemerera a kuseri kwa golo. Choncho kufunsa mafunso n'koyenera, ndipo komiti yomwe imabisa zifukwa zake imadziitanira yokha mkwiyo. Kusiyana kwake kuli pakati pa kufunsa kuti mwamusankha bwanji munthuyu, ndi kugamula mlandu munthu asanakhudze mpira.

Tsopano ndibwerere kunyumba. M'dera lathu muli timu ya achinyamata yomwe kwa zaka zambiri inali m'manja mwa bambo wina wokondedwa, yemwe anaiyambitsa ndi mpira umodzi wosokasoka ndipo anaphunzitsa ana ndi abambo awo omwe. Atakalamba n'kupempha kupuma, komiti inali ndi anthu awiri: mnyamata wa konkuno yemwe anali kaputeni wa timuyo zaka zapitazo, ndi mphunzitsi wina wochokera m'boma lina yemwe anachita maphunziro a ukochi ndipo anakwezapo timu ina yaing'ono. Komiti inasankha wachiwiriyo. Sabata yomweyo nkhani inafalikira kuyambira kudooko mpaka ku vidiyo sho kuti timu yagulitsidwa kwa alendo.

Ndinapita kukaonera masewera ake achiwiri, Loweruka masana, dzuwa la kuno likuswa mtengo. Mphunzitsiyo anafika msanga, anayala yekha timakoni take pabwalo la fumbi, n'kuitana anyamata mmodzimmodzi ndi mayina awo, chinthu chomwe chinandisonyeza kuti m'masabata awiri anali atawaloweza onse. Theka loyamba linatha popanda chigoli. Theka lachiwiri litangoyamba, adani anagoletsa, ndipo nthawi yomweyo gulu lomwe linakhala pansi pa mgwalangwa kuseri kwa golo linayamba kuimba kuti achoke. Chomwe ndinaona pambuyo pake ndicho chandilembetsa kalatayi. Anyamata athu anasiya kuyang'ana kwa mphunzitsi wawo. Aliyense akalandira mpira ankayamba watembenukira ku gulu lija, ngati akupempha chilolezo. Wotseka kumbuyo yemwe anauzidwa kuti asachoke pamalo pake anathamangira kutsogolo chifukwa amalume ake ankamukuwira kuti akwere, ndipo chigoli chachiwiri chinalowera pomwe iye anasiyapo. Masewera atatha, mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsapo ku pulayimale anandipeza ndikumasula njinga yanga, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, nanga ife timvere ndani? Kochi akuti tizipatsirana pansi, koma kunyumba akutiuza kuti munthuyu sakhalitsa." Ndinasowa chomuyankha chomwe chikanamuthandiza tsiku limenelo. Mphunzitsi yemwe osewera ake auzidwa kale kuti ndi wongodutsa sangathe kuphunzitsa kanthu, ndipo akalephera, omwe anamufooketsa aja ndi amene amayamba kunena kuti tinanena ife.

Madandaulo a anthu a kwathu si opanda pake onse, ndipo ndikufuna ndiwanene mwachilungamo. Akuti mlendoyu sadziwa kuti anyamata ambiri m'timuyi amasala m'mwezi wa Ramadan, choncho zokonzekera za masana sizingatheke. Akuti sadziwa kuti Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero. Akuti sadziwa kuti mwezi ukakhala mumdima ena mwa anyamatawa amachezera panyanja ndi nyali kupha usipa, ndipo amafika pabwalo maso ali psuu. Zonsezi n'zoona, ndipo zikufanana ndi zomwe anthu a ku Alabama ankanena zoti DeBoer sadziwa makolo ndi masukulu a kumwera. Koma izi ndi zinthu zomwe munthu wanzeru amaphunzira m'mwezi umodzi ngati pali womufotokozera. Zomwe sizingaphunziridwe m'mwezi umodzi ndi luso loona chomwe chalakwika pabwalo n'kuchikonza mpira uli m'kati, kudziwa kukulitsa mnyamata wa zaka 16 popanda kumuthyola, ndi kusakondera posankha osewera. Pa mfundo yomalizayi mlendo ali ndi mwayi womwe mwana wa pakhomo alibe, chifukwa alibe mlamu, msuweni kapena mwana wa mnzake woti amuike m'timu mokakamizika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mpira wa dziko lathu lomwe uli ndi umboni wa mbali zonse. Kinnah Phiri, mwana wa Malawi, ndiye anatengera Flames ku mpikisano wa Africa mu 2010 ku Angola, komwe tinagonjetsa Algeria 3 kwa 0. Kalisto Pasuwa, wochokera ku Zimbabwe, anafika ku Bullets ngati mlendo ndipo anatenga ligi zaka zotsatizana mpaka 2023. Wina ndi wathu, wina ndi mlendo, ndipo onse anagwira ntchito yooneka. Ndiye n'chifukwa chiyani pabwalo la kumudzi funso loyamba limakhala loti kwawo n'kuti, m'malo mofunsa kuti wachitapo chiyani ndipo akufuna kuchita chiyani ndi ana athu?

Pali nkhani ina ya ku Alabama komweko yomwe ndikufuna anthu a kwathu aimve. Bill Curry anaphunzitsa timuyo kuyambira 1987 mpaka 1989. Sanali mmodzi wa omwe anasewera kapena kugwira ntchito pansi pa Paul Bryant, mphunzitsi wotchuka yemwe anatenga zikho zisanu n'chimodzi asanapume mu 1982, ndipo anachokera ku Georgia Tech, sukulu yomwe ochemerera ambiri ankadana nayo. M'chaka chake chachitatu timu inapambana masewera 10 ndipo inagawana ukatswiri wa ligi yawo ya SEC, koma chifukwa choti sanagonjetsepo Auburn komanso anthu sanamulandire chiyambire, iye mwini anachoka n'kupita ku Kentucky. Munthu akhoza kugwira ntchito bwino koma n'kutopa ndi kusafunidwa. Ine mantha anga ndi akuti mphunzitsi wathuyu, yemwe sakulandira madola mamiliyoni koma kangachepe kogulira sopo ndi thiransipoti, adzanyamula timakoni take tsiku lina m'mawa n'kukwera minibasi osatsanzika, ndipo wina aliyense waluso yemwe tidzamufune pambuyo pake adzakhala atamva kale momwe timalandirira alendo.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti iitanitse msonkhano wa ochemerera ndi makolo, ifotokoze poyera chifukwa chomwe inasankhira munthuyu, inene zomwe yagwirizana naye kuti akwaniritse, ndi nthawi yomwe ntchito yake idzaunikidwe. Ine ndingakonde kuti nthawiyo ikhale kumapeto kwa chaka chachiwiri, chifukwa chaka choyamba mphunzitsi amagwiritsa ntchito timu yomwe anamusiyira mnzake. Ndikupemphanso kuti kaputeni wakale uja apatsidwe mpando wa wothandiza, athandizidwe kupita ku maphunziro a ukochi a bungwe la FAM akapezeka, kuti azifotokozera mlendoyu za Ramadan, za usodzi ndi za mabanja a anyamatawa, uku naye akuphunzira ntchito yomwe tsiku lina idzakhale yake. Kwa anzanga a pansi pa mgwalangwa, omwe ambiri ndinawaphunzitsa ndipo ndikudziwa kuti amaikonda timuyi ndi mtima wonse, ndikupempha kuti madandaulo awo apite nawo ku msonkhanowo, ndipo Loweruka likudzali alole anyamata amve mawu a munthu mmodzi yekha kwa mphindi 90. Ine ndidzafika msanga, ndipo ndidzakhala nawo limodzi kuseri kwa golo komweko.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mangochi